Otilia Sawerenganso Nyuzi

Pa Bangula, mukangodutsa pamene pamaima anyamata a kabaza, pali mtsikana amene amakazinga milamba m'chiwaya chakuda bii. Dzina lake ndi Otilia Lorenso. Nsomba zake amakulunga m'nyuzipepala zakale ngati mmene achitira anzake onse, koma mukamuyang'anitsitsa muona kuti iye amang'amba pepalalo maso ali kwina. Sawerenga ngakhale mutu wa nkhani. Osamudziwa amati n'chifukwa choti sukulu anangoidutsa kumbali. Akanadziwa sakanatero, pakuti mtsikana ameneyu anawerengapo nyuzi kuposa aphunzitsi ena amene ndimawadziwa, ndipo si mwano ayi.

Kwawo ndi ku Makhanga, kutsidya kwa Shire, kumene Ruo akakwiya amalowa m'nyumba za anthu osaodira. Bambo ake, a Lorenso, ndi mlimi wa kudimba amene makolo ake anawolokera kuno kuchokera ku Mozambique. Mayi ake, a Dorika, ndi mayi wa pakamwa polasa koma wa manja ofewa. Onse awiri sadziwa kuwerenga, ndiye chilichonse cholembedwa chikalowa m'nyumba chinkafikira m'manja mwa Otilia.

Nyuzi yoyamba imene anaigwira inabwera itakulunga sopo. Anali wamng'ono, akungoyamba kumene kulumikiza zilembo. Anaiwongola ndi chikhatho, naiwerenga mpaka pamene inang'ambikira. Kuyambira tsiku limenelo pepala lililonse lokulungira mchere, usipa kapena mandasi ankalitola, n'kuliyanika padenga la khola la mbuzi kuti mafuta aume. Nkhani zake zonse zinali zoduka. Nduna inkayamba kuyankhula n'kuthera pakati pa mawu, wakuba ankalowa m'khoti osatulukamo. Otilia ankazimaliza yekha m'mutu, ndipo m'mutu mwakemo wakuba aliyense ankamangidwa, wosalakwa aliyense ankapita kwawo.

Amene anakoleza motowu ndi a Pius, mphunzitsi wake wa Sitandade 7. Akawoloka kukatenga malipiro ankabwerako ndi nyuzi zathunthu, zogona masiku koma zosang'ambika, ndipo Lolemba ankamuimika Otilia kutsogolo kuti awerengere sukulu yonse.

"Chimene chalembedwa umu," a Pius ankatero akumenya pepalalo ndi chala, "chadutsa m'maso mwa anthu ambiri ophunzira. Sangalembe bodza, angamangidwe nalo."

Mwanayo anameza mawu amenewa osatafuna.

Kanema anayamba kumuonera ku Fatima, m'golosale ya munthu wina wa sola. Amuna ankadzaza mmenemo chifukwa cha mpira, ndipo nkhani zikangoyamba ankatuluka kukasuta. Nthawi imeneyo ndi imene Otilia ankasendera pakhomo. Ankayang'ana mayi wowerenga nkhani uja, jekete pathupi, mawu osagwedera, dziko lonse lili chete kumumvera. Akabwerera kunyumba ankatenga chitsononkho n'kuimirira kukhola, kuziwerengera mbuzi za mitengo ya feteleza.

"Iwe, mbuzi sizimva Chingerezi," a Dorika ankatero. "Katunge madzi."

Koma panali chinthu chimodzi chimene chinkamudya. Dzina la Makhanga linkatuluka m'nyuzi pokhapokha madzi akasefukira, ndipo mawu ake anali omwewo chaka ndi chaka: anthu osamva, anthu okana kusamukira kumtunda chifukwa chokonda zolandira. Tsiku lina anawawerengera bambo ake nkhani yotere, akumasulira mzere ndi mzere. A Lorenso anasiya kusema mpini, namuyang'ana.

"Nkhabe," anakana m'Chisena. "Wolembayo anadyapo mbatata ya kuno? Madzi akaphwa ndimakolola kawiri. Kumtundako ndikalime pamwala? Atimangire dayiki yotchinga madzi, aone ngati tidzapemphenso ufa wawo."

Otilia analumbira mumtima kuti tsiku lina adzaima pamaso pa anthu olemba nyuziwo n'kuwauza zimenezi, mawu a bambo akewa, m'Chingerezi chosapunduka.

Anasankhidwa kupita kusekondale ya atsikana yogonera komweko, kumtunda. A Lorenso sakanakwanitsa ngakhale tiranki, koma panali bungwe lina lothandiza atsikana limene linamutenga. Bungwelo linali ndi lamulo limodzi limene ankalibwereza pamsonkhano uliwonse mpaka atsikana analiloweza ngati katekisimu: wotenga mimba kapena kukwatiwa, thandizo lake lathera pomwepo. Otilia sankaliopa lamuloli. Anyamata ankamutcha sisitere, iye osalabada. Anafika Folomu 4 akutsogola m'Chingerezi, maso ali pamayeso omaliza, ndipo aphunzitsi ankanena poyera kuti uyu ndiye wa kuyunivesite. Kwawo konse kunalibe amene anafikapo pamenepo. Malo akewo pasukulupo ndiwo anali munda wake, ng'ombe zake, zonse.

Madzi anabwera tchuthi cha Khirisimasi chitatsala pang'ono kutha. Anabwera m'mawa, anthu akuona, koma liwiro lake silinapereke mpata womasula mbuzi. Foni ya panyumba inapita, mabuku anapita. Chimene Otilia anapulumutsa ndi yunifolomu ndi nsapato zake za kusukulu, zimene anazimanga m'jumbo n'kuzisenza pamutu madzi ali m'khosi. Bwato linawatola pachulu n'kuwawolotsera ku Bangula, kukampu. Msewu wopita kumtunda unali utaduka, ndiye anzake anatsegulira sukulu iye ali m'tenti, wopanda njira yotumizira uthenga.

Tsono kukampu kuli nzeru zake, zimene munthu wa kumtunda sangazimvetse. Chaka china alendo anafika pakampu ina, napeza anthu atavala nsapato, ena ali ndi mawailesi, nanena kuti awa ali bwinoko, katundu n'kupita naye kwina. Kuyambira pamenepo, kukamveka kuti magalimoto oyera akubwera, aliyense amabisa ndowa yabwino, bulangete labwino, ngakhale nkhope yabwino. Si kuba kumeneko, ndi njala. Woyang'anira zimenezi anali a Fanuel, wapampando wa komiti ya pakampu, munthu amene ankadziwa chimene mlendo aliyense amafuna kuona asanatsike n'komwe m'galimoto.

Tsiku limene a Fanuel analengeza kuti kukubwera a kanema, Otilia anathamangira m'tenti. Anaika makala m'kapoto n'kusita yunifolomu yake pamphasa. Anapukuta nsapato ndi malovu. Mawu ake anali atawakonza kale zaka zonse zija: za dayiki, za dimba, ndipo tsopano anaonjezerapo za ana a sukulu amene mabuku awo apita ndi madzi, za msewu woti ukonzedwe msanga mayeso asanafike. Otilia atatuluka m'tenti, a Fanuel anangogwira m'mutu.

"Mayi, mwana wanuyu akufuna kutiphetsa ndi njala?" a Fanuel anawafunsa a Dorika. "Anthu aone bulauzi yoyera chonchi, anena kuti ku Bangula kuli bwino. Kuyankhula ayankhule ndithu, pakamwa ali napo. Koma osati atavala ngati mwana wa bwana."

"Ndine mwana wa sukulu, baba," Otilia anatero. "Ndikufuna aone kuti kuno kulinso ana a sukulu."

"Sukulu udzaidya?" a Dorika anamudula. "Ang'ono ako agona ndi nyika m'mimba. Vula."

Nyika ndi timizu ta m'dambo timene anthu amadya njala ikafika posauzana, ndipo zinali zoona, ang'ono akewo ndi zimene anadya dzulo lake. Otilia analowa m'tenti n'kuvula. Anatuluka ndi chitenje chakutha cha mayi ake ndi malaya ong'ambika paphewa. M'tenti yoyandikana nayo munali Immaculate, mnansi wawo wa ku Makhanga, ali gone ndi malungo, khanda lake Lucky likulira pambali. A Fanuel anati mwana ameneyu asasiyidwe yekha, ndiponso alendo akaona khanda mtima umafewa. A Dorika ndiwo anamunyamula Lucky n'kumuika kumsana kwa Otilia, namanga mbereko ndi manja awo.

"Mwana wa mnzako ngwako yemwe," anatero pomanga mfundo.

Otilia sanaone cholakwika pamenepo. Kwathu kuno mtsikana amene msana wake uli pa ulesi amabereka mwana aliyense amene walira. Iye anali atabereka ana a mudzi wonse kuyambira ali ndi mano a mkaka.

Mtolankhani anali mnyamata wa magalasi akuda ndi majombo atsopano. Pakampupo panali pouma, koma iye anamutengera Otilia kuseri kwa matenti kumene kunali chithaphwi, namuimika m'matope, dzuwa likumulasa m'maso. Otilia anayamba bwinobwino m'Chingerezi chake chija. Mnyamatayo anakweza dzanja.

"Chichewa, chemwali, kaya Chisena. Zimagwira mtima bwino."

Anasintha, nanena zonse. Ananena za dayiki monga mmene bambo ake ananenera, za kukolola kawiri, za mabuku, za msewu, ndi kuti iye mwini ndi wa Folomu 4, akuchedwa kusukulu. Pakati pa mawu Lucky anamukodzera kumsana nayamba kulira, thukuta linalowa m'maso, iye napukuta ndi nsonga ya chitenje. Mtolankhani anafunsa dzina ndi zaka. Za mwanayo sanafunse ngakhale kamodzi. Otilia anathokoza, mpaka kugwada pang'ono, poti anaona ngati munthu uja wamuchitira chifundo chachikulu.

Madzulo a tsiku lotsatira kampu yonse inakhamukira pagolosale ina ya pa Bangula imene inali ndi kanema. Otilia anaima kutsogolo, mayi ake pambali. A kanema anaonetsa madzi, anaonetsa matenti, kenako nkhope yake inadzaza galasi lonse, akupukuta m'maso, khanda likulira kumsana. Pakamwa pake pankayenda koma mawu sanali ake. Anali a mnyamata wa majombo uja, akufotokoza mwachisoni kuti Otilia Lorenso ndi mmodzi mwa atsikana ambiri a m'chigwa cha Shire amene asiya sukulu n'kulowa m'banja ali aang'ono, ndipo tsopano madzi amusiya ndi khanda wopanda pogwira. Pa zonse zimene Otilia anayankhula anasiyapo liwu limodzi lokha: "Tavutika."

Anthu anawomba m'manja. Inde, anawomba, ena mpaka nthungululu, poti kampu yawo yaoneka. Otilia yekha sanawombe nawo. Anatembenuka kuyang'ana mayi ake, koma a Dorika anali akuyang'ana pansi.

Sabata isanathe malole a chimanga anafika, ndi mabulangete, ndi phala la ana. A Fanuel anabwera kutenti kudzagwira chanza. Nyuzi ina inatenganso chithunzi chomwecho n'kuchiika patsamba loyamba, dzina lake lili pansi, zilembo zonse zolondola. Kwa nthawi yoyamba Otilia anagwira nyuzi yathunthu, ya tsiku lomwelo, yosakulungapo kanthu, ndipo munali iyeyo. Anaiwerenga mpaka kumapeto, naibwereza, kufunafuna pamene alembapo za dayiki. Panalibe.

Msewu utatseguka ananyamuka wa kusukulu. Immaculate, amene anali atachira, anaumirira kuti apite nawo ndi Lucky yemwe, kuti akuluakulu akaone okha mayi wake wa mwanayo. Maganizo anali abwino, koma taganizani mmene zinaonekera pageti: Otilia uja wa pakanema, akulowa ndi khanda lomwe lija, mayi wina akumutsatira pambuyo. Atsikana anadzaza m'mawindo. Wina ananong'ona mokweza kuti wabwera ndi alamu ake.

Mu ofesi ya ahedi Immaculate sanataye nthawi ndi mawu. Anakhala pansi, natulutsa bere, Lucky n'kuyamba kuyamwa. Ahedi anayang'ana, napumira m'mwamba. Anati iwo akukhulupirira, koma nkhani sili m'manja mwawo. A bungwe anaonera kanema uja, ndipo poona kuti mtsikanayo sakubweradi kusukulu, anamuchotsa n'kuika wina pamalo pake. Mayina a olemba mayeso anali atapita kale. Anaimba foni kubungweko, naikweza mawu kuti onse amve.

"Ife tinaonera tokha, ndi maso athu," anatero mayi wa kubungwe. "Dziko lonse linaona. Amene amatipatsa thandizo anaonanso, ndipo anatifunsa."

"Mwanayo si wanga, madamu," Otilia anatero. "Mayi ake ali pompano, akumuyamwitsa."

"Ine pafoni pano ndingaone bwanji? Komanso inu a kuchigwa timakudziwani, mumabisirana. A kanema anganame chifukwa chiyani? Ngati analakwitsa, akonze okha poyera, ndiye tidzaona chaka chamawa."

Anganame chifukwa chiyani. Mawu omwe aja a a Pius, atangovala malaya ena. Otilia anatuluka mu ofesimo, nakatenga tiranki yake imene inali itaikidwa kale kustolo, pamodzi ndi matsache ndi makasu.

A Pius ndiwo anasakasaka nambala ya mtolankhani uja, namubwereka Otilia foni yawo. Mnyamatayo anamukumbukira msanga, ndipo anasangalala kumva mawu ake. Anati nkhani ija inayenda kwambiri, mabwana anamuyamikira.

"Koma munanama, achimwene. Ine sindinakwatiwe. Mwana uja si wanga. Andichotsa sukulu."



"Pepani kwambiri, chemwali. Koma nanga atsikana otero kulibe kumeneko?"

"Aliko. Koma si ine."

"Ndiye mwaona, nkhaniyo payokha ndi yoona. Chimanga munalandira, eti? Anthu ambiri apulumuka chifukwa cha inu. Za kukonzazo ndiyankhula ndi akuluakulu."

Sanaimbenso, ndipo nambala ija inasiya kuyankhidwa. A Pius anagula nyuzi kwa miyezi, akuyang'ana m'makona mmene amabisamo zopepesa, koma sanapezemo kanthu. Masiku ano akakumana ndi Otilia amapereka moni akuyang'ana kumapazi. Chaka chamawa chija chitafika, bungwe lija linali litatseka pulojekiti yake n'kusamukira kuboma lina.

Chimene chimamuwawa Otilia koposa n'chakuti alibe munthu mmodzi woti amuloze chala n'kumutukwana mpaka mtima uphwe. Mtolankhani ananama, inde. Koma mbereko ija anamanga ndi mayi ake omubala, ndipo ang'ono ake anadyadi phala lija n'kukhala moyo. A Dorika sanapepesepo. Tsiku lina lokha, akupeta mapira, ananena osamuyang'ana kuti madzi akatayika saoleka, ndipo Otilia anawayankha kuti madziwo sanatayike okha. Anatha mwezi osayankhulana. A Lorenso anabwerera kudimba kwawo, dayiki sinamangidwe, ndipo sanamupemphenso mwana wawo kuti awawerengere kanthu.

Ku Makhanga onse amadziwa kuti Lucky ndi wa Immaculate. Koma Makhanga ndi pang'ono, dziko ndi lalikulu. Otilia anawolokera ku Bangula n'kuyamba geni ya nsomba, akuti asunge pang'onopang'ono kuti adzalembe mayeso payekha. Mawu amenewo ankawanena kawirikawiri poyamba. Tsopano sawanenanso.

Chaka chatha kunabwera anthu ndi makwerero ndi zitsulo, naimika chikwangwani chachikulu m'mbali mwa msewu, pafupi penipeni ndi chiwaya chake. Atachotsa nsalu, anthu a pamsika anayamba kuyang'ana m'mwamba, kenako kwa Otilia, kenako m'mwambanso. Ndi chithunzi chomwe chija: chitenje chakutha, dzanja m'maso, Lucky kukamwa kuli yasa. Pansi pake analemba ndi zilembo zofiira kuti mtsikana aliyense akhale pasukulu, maukwati a ana athe. Palibe amene anadzamufunsa. Anzake anamuuza kuti asamukire kuseri kwa msika, koma makasitomala ake amamupeza pamenepo, ndiponso dzuwa la ku Bangula mukulidziwa. Masana chikwangwanicho chimatchinga bwino.

Masiku apitawa sukulu zitatsekera, minibasi inatsitsa atsikana awiri ovala yunifolomu imene Otilia amaidziwa ulusi uliwonse. Anabwera kudzagula milamba. Mmodzi, wamng'ono wowala m'maso, anayang'ana chikwangwani, nayang'ana wogulitsayo, nagwira mnzake pamkono.

"Anti, pepani, ndinu omwewa?"

Otilia anatembenuza nsomba m'chiwaya.

"Kusukulu amatiuza za inu," mtsikanayo anapitiriza mwaulemu, wopanda chipongwe chilichonse. "Akuti munali anzeru kwambiri. Amati tizisamala, tisadzathere ngati inu." Kenako anafunsa mokoma mtima: "Mwana uja wakula?"

Mawu onse anali pakamwa, okonzeka: za Immaculate, za mbereko, za chithaphwi cha kuseri kwa matenti. Anawanenapo kwa ahedi, kwa madamu a pafoni, kwa mnyamata wa majombo, kwa aliyense amene anaima nthawi yokwanira kumva. Anayang'ana bulauzi yoyera ya mtsikanayo, yositidwa bwino. Kenako anang'amba nyuzi maso ali kumsewu, nakulunga nsomba ziwiri, napereka ndi manja awiri.

"Wakula," anatero. "Chaka chamawa ayamba sukulu."